Malata a asibesitosi pa shedi yakale: kuwasamala, kuwatsitsa ndi kuwataya osapuma fumbi lake

Kuseri kwa nyumba zambiri zakale za m'Chipata, m'mafamu a m'mbali mwa msewu wa ku Katete, ngakhalenso pa zigayo ndi magalaja a ku Petauke ndi ku Lundazi, mudakali mashedi ofoleredwa ndi malata otuwa, okhuthala, amene sachita dzimbiri ndiponso sasokosa mvula ikamagwa. Anthu amangoti "maasibesitosi". Ambiri atha zaka 40 kapena 50 ali pomwepo, ndipo tsopano eni ake akufuna kuikapo malata achitsulo, kapena kukulitsa shedi kuti ikhale shopu ya ukalipentala kapena yowotcherera zitsulo. Ngozi ili pamenepo. Lata limene lakhala chete padenga zaka zonsezi silivulaza munthu kwenikweni. Limayamba kuvulaza tsiku limene wina walidula ndi girayinda, kuliboola, kulipala kapena kuliponya pansi n'kusweka.

Chimene chili m'kati mwa lata

Lata limeneli ndi simenti yosakaniza ndi ulusi wochokera m'mwala. Pa magawo 100 alionse, pafupifupi 10 mpaka 15 ndi asibesitosi. Mitundu yodziwika ilipo itatu: woyera wotchedwa chrysotile, wofiirira wotchedwa amosite, ndi wabuluu wotchedwa crocidolite. Woyera uja ankakumbidwa wambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, ndipo kuno kwathu fakitale ya TAP ku Chilanga inkapanga malata ndi mapaipi a madzi a simenti ya asibesitosi. Mudzamva ena akunena kuti woyera alibe vuto. Musawamvere: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse imayambitsa khansa. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, la South Africa mu 2008.

Ulusiwu ukamasuka mu simenti umagawikana n'kukhala tiulusi tosaoneka ndi maso, topepuka koti timayandama mumpweya kwa maola angapo m'chipinda chotseka. Tilibe fungo, sititsokomoletsa, sitiyetsemulitsa. Fumbi la pachigayo limakuchenjezani lokha, koma ili ayi. Tikalowa m'mapapo timakanirira komweko, thupi silitha kutisungunula. Matenda amadzatulukira patapita zaka 20, 30 kapena 40: asbestosis, imene imaumitsa mapapo ndi zipsera munthu n'kumabanika, khansa ya m'mapapo, ndi mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo. Mu 1960 dokotala J.C. Wagner ndi anzake anasonyeza kuti mesothelioma imachokera ku asibesitosi atafufuza odwala a m'dera la migodi ku South Africa. Ena mwa odwalawo sanagwirepo ntchito mumgodi, ankangokhala pafupi nawo.

Ndiye mawu aja oti "atate anga ankadula maasibesitosi ndi sowo koma anafa ndi ukalamba" asakulimbitseni mtima. Kupuma fumbili kamodzi sikutanthauza kuti mudwala ndithu, komabe madokotala alibe mlingo umene amautcha wotetezeka, ndipo fumbi likamachuluka ngozi imakulanso.

Yambani ndi maso, manja ali kumbuyo

Yendererani shedi yonse masana kukuwala, muli ndi tochi ya foni ya m'makona. Musathyole kachidutswa kuti muone m'kati. Maso okha sangatsimikize kuti muli asibesitosi, zimenezo zimafuna labotale ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Alipo malata atsopano ofanana nawo, monga a Nutec, amene alibe asibesitosi, koma ngati denga ndi lakale ndipo mulibe pepala losonyeza kumene linagulidwa, litengeni kuti ndi asibesitosi basi.

Si denga lokha. Onaninso siling'i ya timabolodi totuwa, ngalande za madzi a padenga ndi mapaipi ake, mathanki a madzi a simenti yopyapyala, bolodi la kumbuyo kwa mita kapena mafyuzi akale, matailosi apulasitiki akale a pansi, chingwe choyera chotsekera chitseko cha uvuni, ndi nsalu zotuwa zokulunga paipi yotentha ya injini ya chigayo kapena ya jenereta.

Apa siyanitsani zinthu ziwiri. Pali asibesitosi womangika mu simenti yolimba, monga malata, ngalande ndi mapaipi. Palinso wofumbutuka, amene ukamukanikiza ndi chala amanyenyeka: zokulunga mapaipi, bolodi lofewa, chingwe cha uvuni chimene chayamba kusasuka, ndiponso malata amene anapsa ndi moto. Wachiwiriyu amatulutsa tiulusi tochuluka kwambiri ndipo si ntchito ya mwini nyumba kapena mmisiri wa m'komboni. Tsekani chipindacho, musalowemo, mufunse a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, akulozereni kwa odziwa kuchotsa zoterezi. Malangizo otsatirawa ndi a asibesitosi womangika mu simenti yekha.

Pa malatawo yang'anani ming'alu yochokera pa mabawuti, m'mphepete mopunthika, ndi pamwamba ngati payamba kuoneka ubweya kapena kusiya ufa woyera. Onani ngati nthambi ya mango ikukhula denga mphepo ikamaomba. Idulenipo nthambiyo, koma isagwere pa lata. Gogodani matabwa onyamula denga muli pansi, mumve ngati chiswe chinadya m'kati. Pa chigayo, kunjenjemera kwa injini kumakulitsa ming'alu msanga kuposa pa shedi wamba.

Kusiya, kupenta kapena kutsitsa

Denga likakhala lathunthu, losadontha, ndipo palibe amene amakwerapo, lisiyeni. Anthu ambiri amadabwa nawo malangizo amenewa, koma kutsitsa mosasamala kumatulutsa fumbi lambiri tsiku limodzi kuposa limene denga likanatulutsa pa zaka zambiri lili chikhalire. Chofunika n'kuuza aliyense wobwera kudzagwira ntchito, wamagetsi, woika sola kapena dishi, kuti asaboole. Lembani ndi penti pa khoma la m'kati: "Denga ili ndi asibesitosi, osaboola, osadula." Lekani kuyanika mfutso, nshawa kapena chimanga padengapo, ndipo musaikepo miyala kapena matayala.

Denga limene layamba kutuwa ufa koma silinasweke mukhoza kulipenta kuti tiulusi timangike. Cholakwa chofala apa n'choyamba kupala ndi bulashi yawaya kapena sandipepala kuti penti agwire bwino, kapena kubwereka makina a madzi amphamvu a kotsukira magalimoto. Zonsezi zimasenda simenti ya pamwamba n'kumwaza tiulusi pabwalo lonse, ndipo matope ake akauma amasanduka fumbi. M'malo mwake thirani madzi pang'onopang'ono, pukutani ndi nsanza yonyowa pamene mungafikire muli pa makwerero, mudikire paume. Pakani penti woyamba wopangidwira simenti, kenako penti wa acrylic wa padenga kawiri, ndi bulashi yofewa kapena rola ya mtengo wautali. M'shopu imene mumakhalamo tsiku lonse, pentaninso kunsi kwa malata. Ndere zikakanirira, zisiyeni, musalimbane nazo.

Mukakakamizika kuboola bowo limodzi, ikani thovu lometera ndevu lambiri pamalopo, kumtunda ndi kunsi komwe, boolani ndi chiboolero cha manja kudutsa m'thovulo, pukutani ndi nsanza yonyowa, ndipo pakani penti kapena guluu wa PVA m'mphepete mwa bowolo. Masiki ikhale kumaso. Njira yabwino koposa n'kumangirira chinthucho ku khoma kapena ku thabwa, lata osalikhudza.

Kutsitsa kumayenera pamene malata asweka m'malo ambiri, matabwa awola, kapena shedi ikugwetsedwa. Shedi yaing'ono yosanja kamodzi, ya malata owerengeka, anthu osamala akhoza kuitsitsa okha. Denga lalitali la nyumba yosungiramo katundu, sukulu kapena tchalitchi lifunika kontrakitala wodziwa ntchitoyi.

Zofunika kukhala nazo ntchito isanayambe

Choyamba ndi masiki, ndipo apa musaumire ndalama. Pakufunika yolembedwa FFP3, kapena ya rabara yophimba mphuno ndi pakamwa yokhala ndi zosefera za P3 kapena P100. Masiki ansalu, abuluu a kuchipatala aja a nthawi ya Covid-19, kapena chitenje chomanga kumaso, tiulusi timangodutsa ngati mphepo pa mpanda wa udzu. Ngati m'masitolo a hadiweya a m'tauni mulibe, itanitsani ku Lusaka kwa ogulitsa zovala zodzitetezera pantchito, ntchito idikire. Masiki imagwira pokhapokha yamatirira pakhungu, choncho metani ndevu m'mawa womwewo. Mukavala, tsekani zosefera ndi zikhatho n'kukoka mpweya: masiki ikuyenera kuphwatalala kumaso. Mukamva mpweya ukulowera m'mbali mwa mphuno, konzani zingwe.

Munthu aliyense akhale ndi ovolosi yotaya ikatha ntchito, yoyera ija yokhala ndi chipewa, yolembedwa Type 5. Gulani yokulirapo kuti isang'ambike pokwera. Ikasowa, valani zovala zakale zimene mwatsimikiza kuzitaya tsiku lomwelo. Kumapazi magambuti, chifukwa amatsukika. Nsapato za zingwe zimasunga fumbi. Miyendo ya ovolosi ikhale kunja kwa magambuti. Magolovesi otaya, ndi magalasi oteteza maso.

Pulasitiki wokulungira akhale wokhuthala: wakuda uja amene amayalidwa pansi pa silabu, wa 250 micron. Werengani wokwanira kuyala pansi pozungulira shedi mamita awiri kuchokera ku khoma, ndi wina wokulunga mulu uliwonse kawiri. Pakhale tepi yomata yolimba mipukutu itatu kapena inayi, matumba apulasitiki okhuthala a zidutswa, ndi cholembera chosafufutika. Matumba a feteleza kapena a chimanga okha sakwanira chifukwa ndi oluka, fumbi limatuluka m'mipata.

Pothirira madzi, sipuleya ya kumsana ya malita 16 imene alimi a thonje ali nayo ndi yabwino, bola itsukidwe bwinobwino kuchotsa mankhwala. Thiranimo masupuni aakulu atatu a sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopoyo amathandiza madzi kulowerera m'malo mongotsetsereka pamwamba. Kamwa la sipuleya likhale lomwaza ngati nkhungu, osati lolasa. Kenako chodulira mabawuti chachikulu chonga pulayazi, masipanala, mafuta omasulira dzimbiri, zidebe ziwiri za madzi, nsanza zambiri, makwerero awiri olimba, ndi matabwa awiri okhuthala ngati pangafunike kukwera.

Girayinda, sowo, dirilo yamagetsi, tsache ndi kompuresa zisafike n'komwe pamalopo. Makina okoka fumbi a m'nyumba nawonso ayi, chifukwa amameza tiulusi kutsogolo n'kutilavula kumbuyo.

Tsiku ndi malo

Musanamasule bawuti ngakhale limodzi, dziwani kumene malatawo adzapite. Zinyalala za asibesitosi zili m'gulu la zinyalala zoopsa, ndipo zimayang'aniridwa ndi ZEMA pansi pa lamulo la Environmental Management Act la 2011. Funsani kumeneko ndi ku dipatimenti ya zaumoyo ya Chipata City Council, kapena khonsolo ya boma lanu, za malo otayira ndi woyenera kunyamula. Ambiri amatsitsa kaye n'kuyamba kufunsa pambuyo, mulu n'kukhala pabwalo chaka chathunthu ana akuseweretsa.

Pewani masiku a mphepo ya mu Ogasiti ndi Sepitembala, pewaninso tsiku la mvula chifukwa denga limaterera. Mu Okutobala dzuwa limaumitsa madzi musanamalize lata limodzi, ndipo munthu wovala ovolosi ndi masiki amatopa msanga n'kuyamba kuvula. Yambani m'bandakucha kukadali bata, mulekeze dzuwa lisanakwere kwambiri.

Uzani anansi dzulo lake kuti atseke mawindo ndi kuanula zovala. Ana, nkhuku, mbuzi ndi agalu zichoke. Vundikirani chitsime ndi migolo ya madzi. Tulutsani zonse za m'shedi, makamaka matumba a chimanga ndi chakudya cha ziweto. Zosanyamulika ziphimbeni ndi pulasitiki n'kumata tepi. Zimitsani magetsi a shediyo pa bolodi lalikulu, popeza muthira madzi. Ngati waya wochokera pa pholo wamangiriridwa pa shedi, itanani a ZESCO, musaukhudze. Mangani chingwe kuzungulira malo onse, ndipo m'kati mwa chingwecho mulibe kudya, kumwa, kusuta kapena kuyankha foni.

Kutsitsa malata

Mukhale anthu atatu aakulu, onse ovala mokwanira. Lata la mamita atatu la migula ikuluikulu limalemera kuyandikira thumba la simenti, ndipo lakale limathyoka ngati bisiketi munthu mmodzi akalinyamulira kumapeto.

Musaponde lata. Tikunenetsa chifukwa ngozi iyi siidikira zaka 30: lata lakale limaoneka lolimba koma limabooka mwadzidzidzi munthu n'kugwera pa silabu. Gwirani ntchito muli kunsi kapena m'mbali, pa makwerero kapena pa thandala la matabwa. Ngati palibiretu njira ina, yalani matabwa okhuthala odutsa mitanda itatu ya denga, muwamange kuti asatsetsereke, muziyenda pa matabwapo pokha. Mitanda yodyedwa ndi chiswe iyambe yachirikizidwa ndi mizati kunsi.

Nyowetsani lata limene mukufuna kuchotsa, kumtunda ndi kunsi, makamaka pozungulira mabawuti ndi pamene malata awiri alumikizana. Likhale lonyowa, osati loyenderera madzi. Madzi ochuluka amanyamula tiulusi kupita nato m'munda.

Yambani ndi zophimba za pa msonga ya denga, kenako mzere wa pamwamba, kutsika nawo. Nthawi zonse chotsani lata limene lili pamwamba pa linzake. Mukasolola lapansi, mumakhula awiri onse.

Mabawuti ndiwo amavuta. Pa mitanda yachitsulo pamakhala mabawuti okowa, onga mbedza. Amenewa aduleni kunsi ndi chodulira mabawuti, osakhudza lata, kenako musolole mutu wake kumtunda. Pa matabwa pamakhala masikuluwu kapena misomali yokhala ndi mawashala. Thirani mafuta omasulira dzimbiri dzulo lake, mumasule ndi sipanala. Ikakana, dulani mutu ndi chodulira chija. Musapanikize chitsulo chozulira misomali pa mgula wa lata, limang'aluka pomwepo. Musamenyenso ndi hamala kuzungulira msomali kuti lata limasuke, ngakhale ndi njira yachangu imene amisiri ambiri anazolowera. Mabawuti ndi mawashala onse alowe m'thumba la zinyalala, chifukwa amakhala ndi ufa wa lata.

Lata likamasuka, litukuleni pang'ono, muthire madzi pa fumbi limene launjikana polumikizira paja, kenako mulitsitse m'manja kupatsira amene ali pansi. Osaliponya, osalikoka pa linzake, osalitsetsereka pa khoma. Awiri alinyamule chopendeka, aliike mofatsa pa pulasitiki woyalidwa kawiri pamwamba pa matabwa awiri. Mulu usapitirire malata amene anthu omwewo angathe kuukweza m'galimoto. Awiri kapena atatu pa mtolo ndi okwanira. Mtolo ukakwana, nyowetsani, pindani pulasitiki woyamba n'kumata tepi m'misoko yonse, kenako wachiwiri chimodzimodzi. Makona akuthwa amaboola pulasitiki, choncho ikanipo zidutswa za katoni musanakulunge. Lembani pamwamba: "ASIBESITOSI, OSATSEGULA, FUMBI LAKE NDI LOOPSA."

Lata likasweka, imani. Thirani madzi pa zidutswa zonse, mutole ndi manja ovala magolovesi, muike m'thumba. Zazikulu musaziphwanye kuti zikwane m'thumba, zikulungeni ngati lata lathunthu. M'mphepete mothyoka mukhoza kupopera guluu wa PVA wosungunula, gawo limodzi la guluu pa magawo asanu a madzi. Thumba lisadzaze kupitirira theka. Pindani kukamwa mosafinya mpweya, mangani ndi tepi, muliike m'thumba lachiwiri.

Ngalande za madzi musaziiwale. Matope a m'menemo ndiwo asonkhanitsa zonse zimene mvula yakokolola padenga kwa zaka zambiri. Anyowetseni, muwakokere m'thumba ndi kafosholo kakang'ono akadali onyowa.

Kuyeretsa ndi kuvula

Malata akatha, ntchito siinathe. Pukutani mitanda, pamwamba pa makoma, makwerero ndi zida zonse ndi nsanza zonyowa. Nsanza ikada, ipindeni, mupukute ndi mbali yoyera, kenako itayeni m'thumba. Musaichapire m'chidebe n'kuigwiritsanso ntchito, mungodetsa madzi onse. Pulasitiki wa pansi muwazeni madzi, mumupinde kuchokera m'mbali kulowera pakati kuti zonyenyeka zitsekeredwe m'kati, naye alowe m'thumba. Yendani mozungulira shedi mukuyang'ana pansi. Tizidutswa togwera pa dothi tichotseni pamodzi ndi dothi la pamwamba lonyowa. Madzi otsala m'zidebe musawathire pabwalo pamene adzaume, athireni m'chimbudzi chokumba.

Povula pali ndondomeko yake, ndipo apa mpamene anthu otopa amalakwitsa. Masiki ndiyo yomaliza. Imani pa kapulasitiki koyera m'mphepete mwa chingwe chija. Tsukani magambuti. Mnzanu akupukuteni ovolosi ndi nsanza yonyowa mokhudzakhudza pang'onopang'ono, osati kusisita kapena kukuntha. Vulani chipewa, mutsitse ovolosi mukuitembenuza kuti kunja kukhale m'kati, ilowe m'thumba pamodzi ndi magolovesi. Pukutani kumaso mozungulira masiki ndi manja omwe. Tsopano vulani masiki: yotaya ilowe m'thumba, ya rabara muipukute bwino, zosefera zake muzitaye. Tsekani thumba, mukasambe thupi lonse ndi tsitsi lomwe musanakhale pa mpando kapena kunyamula mwana.

Zovala za ntchitoyi zisapite kunyumba kuti amayi akachape. M'maiko ambiri akazi ndi ana a anthu ogwira ntchito ya asibesitosi anadwala mesothelioma chifukwa chokuntha ndi kuchapa maovolosi a fumbi, iwo osafikako n'komwe kuntchitoko.

Kumene malata sayenera kupita

Pano mpamene timasemphana ndi chizolowezi. Lata lotsitsidwa limaoneka ngati chuma: wina alifuna la khola la nkhumba, wina la mpanda wa bafa, wina akuti aphwanye athire pa matope a pakhomo kapena m'maenje a mumsewu. Ogula sasowa. Koma lata logulitsidwa limakadulidwa ndi girayinda kwa mnansi wanu, ndipo zidutswa za mumsewu zimaperedwa ndi matayala chilimwe chonse, fumbi lake n'kumalowa m'nyumba za anthu. Ana amakonda tizidutswa tafulati posewera phada ndi polemba pansi. Musagulitse, musapatse munthu, musataye m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa kapena pa dzala la m'komboni.

Musawotche. Asibesitosi sapsa, koma simenti yake ikatenthedwa imaphulika n'kumwaza zidutswa. Pa chifukwa chomwecho, chidutswa cha lata si choikira pa mbaula, si chootchera chimanga kapena nshawa, si chotchingira mphepo pa mafuwa.

Mukamadikira tsiku lonyamula, mitolo ikhale pamthunzi, pa matabwa, pamalo otsekedwa. Dzuwa limafumbutsa pulasitiki pakangopita miyezi yochepa, ndiye muziyang'ana, mukaona pong'ambika mumate. Pokweza m'galimoto musaponye, mangani zingwe kuti mitolo isakhulane panjira, muphimbe ndi tenti. Kukwirira pa puloti panu musachite mwa nokha popanda chilolezo cha a ZEMA ndi a khonsolo, chifukwa mawa wina adzakumba maziko kapena chimbudzi pomwepo osadziwa kanthu.

Kwa amakanika

M'galaja asibesitosi amabisala pena: m'mabuleki ndi m'makilachi a magalimoto ndi mathirakitala akale, m'magasiketi ena, ndi m'zipangizo zina zotchipa zosalembedwa bwino. Chizolowezi chopemerera dilamu ya buleki ndi kompuresa, kapena ndi pakamwa, chimaika fumbi lonselo m'mapapo a mwana wophunzira ntchito amene wawerama pafupi. Ikani beseni kunsi, poperani madzi a sopo pang'onopang'ono ndi botolo lopopera, pukutani ndi nsanza, nsanzayo itsekeredwe m'thumba. Gasiketi yakale yokanirira inyowetseni n'kuipala ndi chopalira cha manja, osati ndi bulashi yawaya ya pa girayinda. Owotcherera zitsulo asagwiritse ntchito chidutswa cha lata ngati poikira chitsulo chotentha.

Ngati munapuma kale fumbili

Mkaka suchotsa fumbi m'mapapo. Umapita m'mimba, tiulusi tili m'chifuwa. Palibenso mankhwala a m'sitolo kapena a zitsamba amene amatitulutsa, ndipo X-ray yojambulidwa sabata yomweyo siisonyeza kanthu. Chimene mungachite chilipo: lekani fodya. Utsi wa fodya ndi asibesitosi zikakumana m'mapapo amodzi, ngozi ya khansa ya m'mapapo imakula kwambiri kuposa ya chilichonse pachokha. Lembani penapake chaka, malo ndi ntchito imene munagwira, pepalalo mulisunge pamodzi ndi khadi la kuchipatala.

Mukayamba kubanika pokwera kamtunda kamene kale simunkakamva, kutsokomola kosatha, kuwawa m'chifuwa mbali imodzi kapena kuonda, pitani kukiliniki msanga. Zizindikirozi zimafanana ndi za TB, ndipo n'koyenera kuyezetsa TB poyamba. Koma auzeni adokotala m'mawu omveka kuti munagwirapo ntchito ya asibesitosi ndi zaka zake, kuti makhololo akapezeka alibe TB aganizirenso zina n'kukutumizani ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete kukajambulidwa. Amene anapuma fumbili ali pantchito yolembedwa afunsenso ku Workers' Compensation Fund Control Board, ndi ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, kumene amayeza matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la kuntchito.

Za madzi a mvula ochokera padenga lotere, amene mabanja ambiri amatunga m'migolo: ngozi yodziwika ya asibesitosi ndi ya kupuma, ndipo WHO sinapeze umboni wokhazikika woti kumwa madzi okhala ndi tiulusiti kumadwalitsa. Tayani madzi a mvula yoyamba ya mu Novembala, amene amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo matope a pansi pa mgolo muwachotse akadali onyowa n'kuwatsekera m'thumba, musawakhuthulire pabwalo pamene ana amasesa m'mawa.